Tionetse bwanji zomwe tapanga mu wekishopu yathu popanda kusiya madandaulo?

Funso

Ndine mayi, mmodzi mwa oyang'anira wekishopu ya gulu, momwe anthu pafupifupi 20 amabwera kudzaphunzira ndi kudzagwiritsa ntchito zipangizo limodzi. Ena amapala matabwa, ena amasema, ena amaluka ndi kusoka. Chaka chatha tinachita chionetsero cha zomwe tinapanga, ndipo zithunzi zake zinayenda m'manja mwa anthu ambiri, koma mapeto ake anali madandaulo. Ophunzira atsopano anabisa ntchito zawo chifukwa cha manyazi, bambo ena anakwiya poona mpando wawo ukutchulidwa kuti ndi wa wekishopu popanda dzina lawo, ndipo tebulo lomwe aliyense analiyamikira linang'aluka pamwamba patangopita miyezi iwiri. Chaka chino tikufuna kuonetsanso. Tichite bwanji?

Yankho

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Mavuto atatu omwe mwatchulawa ndikuwaona ngati nthambi za tsinde limodzi. Chaka chatha munaika zinthu poyera, koma mbiri ya zinthuzo inatsalira m'mbuyo: amene anazipanga, thabwa lomwe anagwiritsa ntchito, njira yomwe anatsata, ndi pomwe anavutikira. Chinthu chikangoikidwa pa benchi chili chete, oona amachiweruza ndi maso okha, ndipo maso amathamangira chonyezimira. Zikatero wophunzira watsopano amagonja asanayambe, mwini mpando amasowa pa mpando wake womwe, ndipo tebulo lopakidwa vanishi wambiri limatamandidwa ngakhale kunsi kwake kuli vuto.

Ndiyambe ndi tebulo lija, poti likutiuza kuti mawu akuti "tamaliza" timawanena msanga. Thabwa, ngakhale litapalidwa ndi kupakidwa vanishi, limapitiriza kumwa chinyezi cha mumpweya ndi kuchitulutsa masiku onse. Likamwa limafufuma, likauma limachepa, ndipo kusinthaku kumachitika m'lifupi, pomwe m'litali mwake simusintha kwenikweni. Mtengo wongogwetsedwa kumene umakhala wodzaza madzi, ndipo suyamba n'komwe kuchepa mpaka chinyezi chake chitatsika kufika pafupi ndi 30 peresenti. Kuchokera apo umachepabe mpaka utagwirizana ndi mpweya wa pamalo pomwe uli. Pa katundu wa m'nyumba akalipentala amafuna thabwa la chinyezi cha pakati pa 8 ndi 12 peresenti, ndipo m'nyumba zouma kwambiri amatsikirapo. Oumitsa matabwa pamthunzi, atawasanja ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, amawerengera chaka chathunthu pa masentimita 2.5 aliwonse a kuchindikala kwa thabwa lolimba. Nyengo ndi mtundu wa mtengo zimatha kufupikitsa kapena kutalikitsa nthawi imeneyi, komabe kuwerengeraku kukusonyezani kuti thabwa lochekedwa mwezi watha silinafike pokhala tebulo, ngakhale kunja kwake kukuoneka kouma.

Ngakhale thabwa louma bwino limayendabe. Pamwamba pa tebulo potambalala masentimita 60 pangathe kusintha ndi mamilimita 5 kapena kupitirira apo, nyengo yachinyezi ikamapita youma n'kumabwera. Choncho tebulo likang'aluka pa miyezi iwiri yokha, kawirikawiri ndiye kuti thabwa linali laliwisi, kapena linamangiriridwa zolimba pa felemu moti linasowa poyenda. Ndikukupemphani kuti mulitembenuze miyendo m'mwamba ndi kuliyang'ana kunsi. Ine ndinachitapo zimenezi ndi mnyamata wina yemwe ndinkamuphunzitsa, atabwera ndi tebulo lake loyamba nkhope ili yakugwa. Tinapeza masikuluu 8, aliyense m'bowo lothina, komanso guluu wopakidwa kuchokera m'mphepete ina mpaka inzake, ndipo mng'alu unayambira pa sikuluu wachiwiri n'kuyenda motsata mzere wa mtengo mpaka kumapeto. Mnyamatayo anachita zonsezi chifukwa chosamala, pofuna kuti tebulo lisagwedere. Panalibe amene anamuuza kuti mabowo a masikuluu a m'mbali ayenera kukhala aataliko ngati kanjira, kuti sikuluu azisuntha pang'ono thabwa likamachepa, kapena kuti pamwambapo pangathe kugwiridwa ndi tizidutswa ta thabwa tolowa m'kampata ka felemu popanda guluu. Panalibenso amene anamuuza kuti vanishi apakidwe mbali zonse ziwiri, chifukwa thabwa lopakidwa pamwamba pokha limamwa chinyezi mofulumira ndi kunsi, n'kupindika ngati mbale.

Pa chifukwa chimenechi, tsiku lomaliza ntchito litalikirane ndi tsiku la chionetsero, mwezi wathunthu ngati n'kotheka, ndipo m'mweziwo zinthuzo zikhale m'chipinda chofanana ndi chomwe zidzakhalemo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mweziwo umathandizanso vanishi, pakuti kuuma kwake n'kwina, kukhwima kwake n'kwinanso. Vanishi wamafuta amauma pamwamba tsiku limodzi, koma amatenga masiku pafupifupi 30 kuti akhwime mpaka mkati, ndipo mafuta opaka matabwa otchedwa linseed nawonso safulumira. Mukayandikiza mphuno n'kumvabe fungo lamphamvu, kapena mukadinda chikhadabo pamalo obisika n'kusiya chizindikiro, dziwani kuti sanakhwime, ndipo kapu yotentha kapena nsalu yoyalidwa pamwamba idzasiya chipsera. Nditchule pano chinthu chomwe chimandidetsa nkhawa m'masiku othamangira chionetsero, pamene anthu ambiri akupaka mafuta nthawi imodzi. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha mafutawo akamauma, ndipo zingathe kuyaka usiku mu wekishopu mulibe munthu. Ziyanikeni kunja imodziimodzi zitatambasulidwa, kapena ziviikeni m'madzi m'chitini chachitsulo chovundikira.

M'mwezi womwewo chinthu chilichonse chidutse m'manja mwa munthu wachiwiri. Madzulo zimitsani magetsi ndi kugoneka tochi m'mphepete mwa thabwa kuti kuwala kuyende chokwawa pamwamba pake. Mudzaona timizere ta sandipepa topingasa mizere ya mtengo, madontho a guluu omwe anakana kumwa vanishi, ndi pomwe chopalira chinadumpha. Mpando aukhale munthu wolemera, autsamire ndi kuugwedeza, mlendo asanaukhale. Zidole za ana osakwana zaka 3 zisakhale ndi kachidutswa kotha kuthothoka n'kumezedwa. Oyesa zidole amagwiritsa ntchito kapaipi kotambalala mamilimita 31.7, ndipo kachidutswa kalikonse kolowa konse m'menemo kamawerengedwa koopsa. Mawekishopu a gulu amakonda matabwa a mapaleti, timathandala tosanjikapo katundu pomunyamula, poti savuta kupeza, ndipo palibe choipa pamenepo, bola muwerenge chidindo chake. Mapaleti oyenda pakati pa mayiko amadindidwa motsatira muyezo wa ISPM 15, womwe udavomerezedwa mu 2002. Zilembo HT zikutanthauza kuti thabwa lidatenthetsedwa mpaka pakati pake pafika madigiri 56 kwa mphindi zosachepera 30, pomwe MB zikutanthauza kuti lidafukizidwa ndi mankhwala a methyl bromide. Thabwa la MB, thabwa lobiriwirako lomwe lidanyikidwa m'mankhwala oletsa chiswe ndi kuola, komanso lakale lomwe penti wake angakhale wa mtovu, lisasanduke chodulirapo zakudya, mbale kapena chidole.

Tsopano za bambo omwe anakwiya. Ine ndili kumbali yawo, ndipo ndikuganiza kuti gulu lanu liwapepese chionetsero china chisanachitike. Nkhani yoika dzina pa ntchito ndi yakale pakati pa amisiri. Mu mzinda wa Paris ku France, malamulo a bungwe la opanga mipando omwe adalembedwa mu 1743 n'kutsimikizidwa mu 1751 ankakakamiza mmisiri aliyense wa m'bungwemo kudinda dzina lake pa katundu yemwe wapanga, ndipo oyendera a bungwelo akakhutira ndi ntchitoyo ankawonjezerapo chidindo chawo cha zilembo JME. Zimenezi zidapitirira mpaka mabungwe otere atathetsedwa mu 1791, ndipo ndi zidindozo zomwe lero zimatiuza manja omwe adapanga mipando yambiri ya nthawi imeneyo. Chidindocho chinali ulemu, komanso chinali udindo, chifukwa mpando ukathyoka mwini wake ankadziwa khomo loti akagogode. Inunso aliyense alembe dzina lake ndi chaka kunsi kwa chinthu chake, kaya ndi pensulo yophimbidwa ndi vanishi, kaya ndi chitsulo chamoto, kaya ndi kansalu kosokerera mkati mwa chikwama. Dzina la wekishopu likhalepo ndithu, popeza macheka, mabenchi ndi aphunzitsi ndi a gulu, koma libwere pambuyo pa dzina la mwini ntchito.

Pomwe pamavuta kwambiri ndi pamene manja angapo akhudza chinthu chimodzi: wina anajambula pulani, wina anacheka pa makina poti mnzakeyo sanaloledwebe kuwagwira, wina anathandiza kumata ndi kupana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mu wekishopu ya gulu zinthu zochepa kwambiri ndi zomwe zimapangidwa ndi munthu mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mawu akuti "anathandizidwa ndi" sachepetsa ulemu wa mwini ntchito, koma akasowa amasiya chilonda chomwe chimadzatulukira pa nkhani ina patapita miyezi. Gwirizanani zimenezi ntchito isanayambe, pamodzi ndi funso loti chinthucho n'chayani ngati matabwa anali a gulu. Pemphaninso chilolezo cha mwini musanajambule ntchito yake kapena nkhope yake, pakuti ena amakondwa kuonetsa zomwe apanga koma safuna kuti iwo eni aoneke, ndipo ngati muli ana, makolo awo avomereze kaye.

Chida chomwe ndachiona chikusintha chionetsero kuposa china chilichonse ndi kakhadi kakang'ono koikidwa pambali pa chinthu chilichonse, kolembedwa ndi mwini wake. Palembedwe dzina, mtundu wa thabwa ndi komwe linachokera, miyeso, momwe zidutswa zinalumikizidwira, zomwe zinapakidwa, ndi maola omwe ntchitoyo inadya. Pansi pake pakhale ziganizo ziwiri, china chonena pomwe panavuta, china chonena zomwe angasinthe atapanganso. Ziganizo ziwirizo ndizo zimaimitsa anthu. Ndinaona anthu akudutsa kabati yaikulu yonyezimira n'kuunjikana pa kampando ka miyendo itatu, chifukwa mwini wake analemba kuti mwendo wachitatu anausema kanayi, ndipo itatu yolakwikayo anaiika pambali pomwepo kuti anthu aigwire. Pa kakhadika pasakhale bodza ngakhale laling'ono. Paini wopakidwa utoto kuti aoneke ngati mbawa atchulidwe kuti ndi paini, ndipo pomwe pali pulaiwudi panenedwe, chifukwa wogula kapena wophunzira yemwe wanamizidwa kamodzi amakayikira benchi yonse. Dzina la mtengo lili ndi ntchito inanso. Mitengo ya mtundu wa Dalbergia, kuphatikizapo phingo, mtengo wakuda uja womwe osema amaukonda, yonse ili pansi pa CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yotha, kuyambira mu 2017, ndipo mbawa za mu Africa zidawonjezedwa pa msonkhano wa mu 2022, kotero matabwa ake, ndipo nthawi zina zinthu zopangidwa nawo, sizidutsa malire a mayiko popanda zikalata.

Pa kakhadi komweko panenedwenso komwe pulani inachokera. Kuonera ntchito ya wina si mlandu, ndipo tonsefe tinaphunzira motero, koma kuibisa ndiko kulakwa. Mu 1974 katswiri wojambula mapulani a katundu wa m'nyumba wa ku Italy, Enzo Mari, adatulutsa mapulani 19 a mipando, matebulo, mabedi ndi mashelefu oti munthu aliyense angapange ndi matabwa wamba, hamala ndi misomali. Ankawatumiza kwa aliyense wowapempha, adaletsa mafakitale ndi amalonda kuwagwiritsa ntchito, ndipo adapempha opangawo kuti amutumizire zithunzi za zomwe apanga, makamaka pomwe asintha pulani. Mgwirizano wake unali womveka: tengani mwaulere, musagulitse, ndipo mundionetse zomwe mwachita nazo. Mapulani ambiri omwe amagawidwa masiku ano ali ndi ziphaso za Creative Commons, zonena zomwe mwini pulani walola kuti ena achite nayo, zomwe zidayamba kutuluka mu 2002, ndipo zilembo BY zimafuna kuti mutchule mwini pulani, pomwe NC zimaletsa kuchita nayo malonda. Ngati pa chionetsero chanu padzakhala zogulitsa, werengani zilembozi poyamba.

Ophunzira amanyazi aja sadzatulutsa ntchito zawo chifukwa chongouzidwa kuti alimbe mtima. Iwo akuyang'ana zomwe akatswiri achite. Ndiye tsiku lachionetsero, kapena madzulo ena lisanafike pamene muli nokhanokha, woyamba kulankhula akhale mmisiri yemwe onse amamulemekeza, ndipo abwere ndi zinthu ziwiri: ntchito yake yatsopano ndi ntchito yake yoyamba, kapena chinthu chomwe chinamukanika chaka chino. Akaloza yekha pomwe tchizulo chinaterereka, pomwe anayeza molakwa n'kuikapo chigamba, wophunzira amazindikira kuti kulakwitsa ndi gawo la ntchito ya aliyense m'chipindamo. Pokambirana, mwini chinthu alankhule poyamba, anene zomwe ankafuna kuchita ndi pomwe akufuna malangizo, ndipo enawo ayambe ndi mafunso asanapereke chiweruzo. Funso lakuti "Munaganiza bwanji kuti miyendo ipendekeke chonchi?" limatsegula pakamwa, pomwe mawu akuti "miyendoyi yapotoka" amatseka, ngakhale onse awiri akuloza malo amodzi. Komanso musayamikire chilichonse mofanana, chifukwa wophunzira amadziwa pomwe akunyengereredwa. Muuzeni chinthu chimodzi chenicheni chomwe wachita bwino, monga polumikizira pomwe sipakulowa ngakhale pepala, ndi chimodzi choti akonze ulendo wina.

Ine sindingakulangizeni kupereka mphoto ya woyamba ndi wachiwiri. Mawekishopu a gulu otchedwa Men's Sheds, omwe adayamba ku Australia m'zaka za m'ma 1990 ndipo bungwe lawo la dziko lonse lidakhazikitsidwa mu 2007, adafalikira m'mayiko ena chifukwa anthu ankapezamo anzawo ochezerana nawo manja ali pa ntchito, makamaka achikulire omwe ankakhala okhaokha. Wekishopu yanu nayonso imakoka anthu ndi chinthu chomwecho, ndipo mpikisano umasandutsa mnzako wokugwirira thabwa kukhala wolimbana naye. Posanja zinthu musaike za akatswiri kutsogolo, za ophunzira kungodya. Sanjani motsata mtundu, mipando pamodzi, mabokosi pamodzi, ndipo kakhadi kanene kuti iyi ndi ntchito yoyamba kapena yachiwiri ya mwini wake. Oluka ndi osoka apatsidwe malo ofanana ndi opala matabwa. Ndaona kangapo dengu lomwe linadya masabata awiri likuikidwa pa tebulo la wina ngati chokongoletsera, popanda dzina, ndipo woluka wake sanabwerenso. Dengu litembenuzidwe kuti anthu aone poyambira pake, chikwama chitsegulidwe kuti aone msoko wa mkati, chifukwa luso la ntchito zimenezi limaonekera kumeneko.

Zithunzi zimafika kutali kuposa chionetsero, choncho zijambulidwe mosamala komanso moona. Pukutani kagalasi ka foni, poti fumbi la matabwa limachititsa chithunzi kuoneka ngati cha m'nkhungu. Ikani chinthucho pafupi ndi zenera kuti kuwala kuchokere kumbali, zimitsani kuwala kwa foni, ndipo kumbuyo kukhale khoma kapena nsalu ya mtundu umodzi. Mukaima pafupi kwambiri n'kujambula chowerama, pamwamba pa mpando pamaoneka papakulu, miyendo n'kuoneka yaifupi yopanikizana; bwererani m'mbuyo mamita awiri ndi kutsitsa foni kuti ilingane ndi pakati pa chinthucho. Zithunzi zitatu zimakwanira: china cha chinthu chonse, china cha pafupi pa polumikizira kapena pa msoko, china chosonyeza kukula kwake, monga dzanja litagwira supuni yosemedwa kapena munthu atakhala pa mpando. Maonekedwe a thabwa pa chithunzi musawasinthe ndi makina a foni. Mawu a pa kakhadi ayende limodzi ndi chithunzi kulikonse komwe chipite, ndipo ndi bwino kuti m'chithunzi chimodzi kakhadiko kaoneke, kuti dzina la mwini lisatayike chithunzicho chikamachoka kwa uyu kupita kwa uyo.

Tebulo long'aluka lija musalibise m'chipinda chosungiramo katundu. Ngati mwini wake avomera, libwere pa chionetsero cha chaka chino. Chotsani masikuluu, thabwa lapamwamba likhale milungu ingapo palokha kuti likhazikike, chekani motsata mng'alu, palani m'mphepete monse muwiri, mumatenso ndi guluu, ndipo polibwezera pa felemu mabowo a m'mbali akhale aatali. Pa tsikulo ligonekeni chammbali kuti kunsi kwake kuoneke, mabowo akale ndi atsopano ali poyera, ndipo pa kakhadi kake palembedwe mwezi womwe linang'aluka, chifukwa chake, ndi mayina a onse omwe analikonza.